Namondwe amaoneka akadali kutali, nanga ife timamva liti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mau anga pa nkhani ya anamondwe poti nyengo yake imayamba pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo ndipo chaka chilichonse timangodzidzimuka ngati ndi chinthu chachilendo. Ine ndine mzimayi wa geni, ndimagulitsa pa Kapata kuno ku Chipata, katundu wina ndimakatenga kutsidya kudzera pa boda ya Mwami, ndiye za nyanja yamchere sindinaionepo ndi maso anga ayi, koma za namondwe ndazidziwa mokakamizika chifukwa mng'ono wanga anakwatiwa ku Blantyre ndipo mu Malichi 2023 amakhala ku Chilobwe, m'munsi mwenimweni mwa phiri la Soche.

Nthawi imeneyo mwana wa achimwene anga, uyu amene foni siichoka m'manja, anandionetsa mapu ena ake pa intaneti. Panali kanthu kozungulira ngati nkhata koyera, pakati kabowo kakuda, akuti ndi diso la namondwe, ndiye kutsogolo kwake anajambula chinthu ngati lipenga, chopanikizika poyambira kenako chikumka chitambasuka. Anandiuza kuti aunt, apa ndi pomwe ali lero, uku kotambasukaku ndi komwe angapite mawa ndi mkuja, kukula kwakeko ndi chifukwa choti akatswiri sangaloze mudzi weniweni koma dera amalidziwa. Ine ndinaseka, ndinati iwe zinthu za kunyanja zikutikhudza chani ife a kumtunda, tiye ukandithandize kunyamula masaka. Masiku atatu osakwana foni ya mng'ono wanga inasiya kulowa. Ndinakhala masiku awiri osadya bwino, ndikayimba ingoti palibe, ndikayimbanso palibe, pa Facebook zithunzi zili mbwee za matope ndi miyala ikuluikulu yotsika m'phiri usiku anthu ali mtulo. Anapezeka ali moyo ndi ana ake pa sukulu ina yomwe anthu anathawirako, nyumba theka inapita, a neba awo a kumtunda banja lonse silinaonekenso. Mng'ono wangayo anandiuza pambuyo pake kuti kumva anamva ndithu pa wailesi kuti kukubwera namondwe, koma m'mutu mwake namondwe ndi mphepo yosasula malata, ndiye anangoika miyala ndi matayala padenga basi nkukagona. Palibe anamuuza kuti phirilo ndi lomwe lidzatsike.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunsafunsa, ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri ndi ichi: namondwe uja, dzina lake Freddy, sanabwere mobisa ngati mbala. Anabadwira kutali kwambiri kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, nkuoloka nyanja yonse ya Indian Ocean makilomita oposa 8,000 ma satelaiti akumuona tsiku ndi tsiku. Anamenya Madagascar pa 21 Febuluwale, pa 24 nkulowa Mozambique cha ku Vilankulo, anthu nkumati watha, koma iye anabwerera m'nyanja kukatenganso mphamvu kaili chakudya chake ndi madzi ofunda a madigiri 26 kupita m'mwamba, nkudzalowanso pa 11 Malichi cha ku Quelimane. A bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO anatsimikiza kuti anakhala masiku 36, palibe namondwe wina analembedwapo wokhalitsa chonchi. Mwezi wathunthu ndi masiku pamwamba chinthu chikuoneka, koma ku Malawi anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ndipo oposa theka la miliyoni anasiya nyumba zao.

Ntchito yolondola anamondwewa ilipo ndipo ndi yaikulu, tisanamizane. Mbali yathu ino ofesi yaikulu ili pa chilumba cha La Réunion pansi pa bungwe la zanyengo la dziko la France lotchedwa Météo-France, iwowo ndi amene amatulutsa mapu aja, kenako maiko amatengako, ku Mozambique kuli ofesi ya zanyengo ya INAM, kwathu kuno Zambia Meteorological Department ndi a DMMU oona za ngozi. Ku America komwe amawatchula kuti ma hurricane ali ndi National Hurricane Center ku Miami ndipo amachita kutumiza ndege kulowa mkati mwenimweni mwa namondwe kukayeza mphepo, ine ndikamva zimenezo mutu umazungulira, munthu wobadwa kwa mai kulowa dala mmenemo. Amawaika m'magulu kuyambira 1 mpaka 5, wa 5 ndi uja mphepo yake imapitirira makilomita 250 pa ola. Koma ngakhale iwowo ndi ndege zao, namondwe Katrina mu Ogasiti 2005 anamiza mzinda wa New Orleans zipupa zotchinga madzi zitagumuka, ndipo ambiri amene anavutika ndi aja analibe galimoto yothawira.

Anzathu a m'mphepete mwa nyanja ndiye amaona zakuda zenizeni. Kumeneko si mphepo yokha, nyanja imachita kukankhidwa nkukwera kumtunda, madzi amchere kulowa m'nyumba, m'zitsime ndi m'minda ya mpunga, mabwato a asodzi kuphwanyika, pomwe mitsinje nayo ikutsika yodzaza kuchokera kumtunda ikusowa kothira. Namondwe Idai atagunda mzinda wa Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019 mitsinje ya Buzi ndi Pungwe inasefukira anthu nkukhala pa madenga ndi m'mitengo masiku angapo kudikira thandizo, pambuyo pake kolera. Anthu oposa 1,000 anafa tikaphatikiza Mozambique, Zimbabwe cha ku Chimanimani ndi Malawi. Patangopita masabata asanu ndi limodzi namondwe Kenneth nayenso uyo ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Mu Disembala 2024 namondwe Chido anasakaza chilumba cha Mayotte nkukalowa cha ku Pemba. Ndiye Mozambique kupuma sikudziwa.

Koma onani izi a Mkonzi. Freddy atabwera kachiwiri cha ku Quelimane kuja, a ku Mozambique anali ataphunzira pa Idai, anthu ambiri anasamutsidwiratu kupita m'masukulu ndi malo ena okwera, ndipo amene anafa m'dzikomo sanafike chiwerengero cha nthawi ya Idai. Maliro ochuluka anakachitika ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, komwe kulibe nyanja yamchere nkomwe, Blantyre ili pafupifupi makilomita 300 kuchokera ku Quelimane. Namondwe akalowa kumtunda mphepo imafooka inde koma madzi amene wanyamula amakakhuthula pa mapiri. Manje tayimani pa Kapata muyang'ane mbali zonse, mukuona chani? Mapiri okhaokha atizinga, mitengo tinamaliza ndi makala ndi kuotchera njerwa, nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka, ena akuswa miyala m'munsi momwemo. Ine ndikayang'ana phiri la Kanjala ndimaona Soche, mwina ndi mantha chabe a munthu amene analumidwapo, koma mvula ya tsiku limodzi lokha mumaona nokha mmene madzi ofiira amathamangira m'misewu ya m'makomboni mwathu ngalande zitatsekeka ndi mapulasitiki.

Ngakhale phiri lisatsike, zimatipezabe m'thumba. Madoko a Beira ndi Nacala ndi njira za katundu wambiri wa chigawo chino, msewu ukaduka uko kapena mlatho ukapita mathiraki amaima pa boda ya Chanida ndi ya Mwami, ife a geni timangoona mitengo ya zinthu yasintha. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Malawi, anzathu amene timaoda nao anakhala mumdima miyezi yambirimbiri, zigayo kuima, bizinesi kugwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Uthenga wa zanyengo uzibwera m'chilankhulo chathu ndipo uzinena chochita, osati kungotiwerengera mamilimita. Agogo anga ku Chadiza mukawauza kuti kugwa mamilimita 100 adzakufunsani kuti ndi ndowa zingati. Auzeni kuti mvula ya masiku atatu osakata ikubwera, amene muli m'munsi mwa phiri kapena m'mbali mwa dambo mukagone ku sukulu yakuti kapena ku tchalitchi chakuti, mbuzi muzimasule, ana asaoloke mtsinje popita kusukulu, mankhwala ndi zitupa za NRC muike mu pulasitiki. Mawailesi tili nao, Breeze FM ndi Radio Maria amamveka mpaka kumidzi, ma meseji a pa foni amatipeza daily otiuza za ma bando ndi nyimbo zoika poyimba, ndiye njira yofikira munthu ilipo. Mafumu ndi anyakwawa akauzidwa lero mawa mudzi wonse wamva, monga zimakhalira ndi uthenga wa maliro kapena wa feteleza. Ku Bangladesh namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000, lero anamanga nyumba zothawirako ndipo pali anthu ongodzipereka amene amayenda ndi zimkuzamau mudzi ndi mudzi, anamondwe akubwerabe koma imfa zinatsika kutalitali. Chimkuzamau ndi ndalama zingati kodi, si chomwechi amagwiritsa ntchito anyamata ogulitsa mankhwala a makoswe pa msika?

Ndipo inu a nyuzipepala, mapu a lipenga aja muziwasindikiza namondwe akadali ku Madagascar, ndi mau awiri atatu ofotokoza m'Chichewa, musamadikire zithunzi za mabokosi. Mng'ono wanga pano anasamukira ku Lunzu, akuchita lendi, mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda malata usiku amadzutsa ana onse nkukhala nao pakhomo atavala nsapato, ndiye amandiimbira kuti achemwali funsani mwana uja aone pa foni ngati kunyanja kuli kanthu.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa geni,
Kapata, Chipata