Ali Kuti Mphwako? Kalata ya Abusa kwa Akhristu a Mpingo Wathu

Okondedwa akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi Akhristu nonse a m'milaga yathu,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi kwa Ambuye Yesu Khristu zikhale nanu nonse.

Ndalemba kalata ino chifukwa cha zimene zinachitika pamsika wathu masabata atatu apitawo, pamene mnyamata wina amene ankamuganizira kuti waba foni anamenyedwa ndi gulu la anthu mpaka kutsirizika asanafike naye kuchipatala. Ndinapita kusiwa, ndipo ndinakhala pamphasa pafupi ndi mayi ake, amene sankalira mokweza koma ankangofunsa aliyense wolowa m'nyumbamo ngati panalibe ngakhale munthu mmodzi woti akanaleretsa. Ndinalibe yankho. Madzulo a tsiku lomwelo kanema wa zochitikazo anafika pafoni yanga kudzera pagulu la WhatsApp la mpingo wathu womwe uno, ndipo mwa anthu amene anazungulira mnyamatayo, ena ndinawazindikira nkhope. Sindinaone Mkhristu wathu aliyense akuponya mwala. Ndinaona ena ataima chapatali manja ali kumbuyo, wina akujambula, ndipo Lamulungu lotsatira tonsefe tinaimba nyimbo limodzi ngati kuti sabatayo inangodutsa bwinobwino. Sinditchula dzina la munthu m'kalata muno, ndipo ndikupempha kuti nanunso musayambe kulozana zala, pakuti zimene ndikufuna kunena zikukhudza tonse, kuyambira ine amene.

Pa Malamulo Khumi, lachisanu ndi chimodzi m'Chichewa chathu ndi liwu limodzi lokha: "Usaphe" (Eksodo 20:13). Ndi lamulo limene ambirife timalimva mtima uli m'malo. Akamawerenga za kuba, za chigololo kapena za kusirira, timaweramitsa mitu, koma akafika pa kupha timadzutsa nkhope, poganiza kuti ili lokha ndiye sitinaliswepo, ndi lakwa achifwamba oyenda ndi zikwanje usiku. Malembo satilola kudzitonthoza motero. Munthu woyamba kubadwa mwa mkazi ndiyenso anali woyamba kupha, ndipo amene anamupha anali mphwake, wobadwa naye bere limodzi. Chimene chimandiopsa kwambiri pa nkhani ya Kaini ndi malo amene mkwiyo wake unayambira. Unayambira paguwa la nsembe, pa nthawi ya chipembedzo, ataona kuti Mulungu walandira nsembe ya Abele koma yake ayi. Kaini anali munthu wopembedza, mlimi wakhama, wobwera ndi chopereka chake monga timachitira ife pa nthawi ya masika. Mulungu anamuchenjeza asanachite kanthu, namuuza kuti tchimo lamubisalira pakhomo ndipo ayenera kuligonjetsa, koma iye anasunga chakukhosi mpaka tsiku limene anali awiriwiri kumunda.

Kuchokera pamenepo buku la Genesis likutionetsa chiwawa chikukula ngati moto wa m'tchire m'mwezi wa Okutobala. Lameki, mdzukulu wa zidzukulu za Kaini, anapha munthu chifukwa chongomupweteka, ndipo m'malo mobisa mlandu wake monga anachitira kholo lake Kaini, anaitana akazi ake awiri nkuwaimbira nyimbo yodzitama, kuti ngati wopha Kaini adzalipsiridwa kasanu ndi kawiri, wokhudza Lameki adzalipsiridwa ka 77. Pofika masiku a Nowa, Malembo akuti dziko linadzaza ndi chiwawa. Ndipo chigumula chitatha, Mulungu sananene kuti mtima wa munthu wasintha. Ananena kuti maganizo a mtima wa munthu ndi oipa kuyambira ubwana wake, nakhazikitsa pa Genesis 9:6 chifukwa chimene mwazi wa munthu suyenera kukhetsedwa: munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Chifukwa chimenechi sichidalira khalidwe la munthuyo. Wakuba ali nacho chifanizocho, chidakwa chili nacho, agogo osokonezeka mutu amene amayankhula okha m'njira ali nacho, ndipo wokweza dzanja pa iwo akulimbana ndi Mwini chifanizo.

Ambuye Yesu anafika pa muzu weniweni. Pa Mateyu 5:21-22 anaika wokwiyira mbale wake ndi womunena kuti chitsiru pa mlandu umodzi ndi wakupha, ndipo pa Marko 7:21 anati zakupha zimatuluka m'kati, mumtima mwa munthu. Mtumwi Yohane ananena mosapsatira kuti yense wodana ndi mbale wake ndi wakupha munthu (1 Yohane 3:15). Inu amene munadutsa m'kalasi mukukumbukira kuti Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, pofotokoza lamulo limeneli amatchula njiru, chidani, mkwiyo ndi mtima wofuna kubwezera monga muzu wa kupha, ndipo amati pamaso pa Mulungu zonsezi ndi kupha kobisika. Choncho pamene mkulu wa mpingo watha zaka zisanu osapatsana moni ndi mng'ono wake chifukwa cha malire a munda, kapena mayi akamauza ana ake kuti asadye chilichonse kwa azakhali awo chifukwa "ndi okhwima," asaganize kuti ali kutali ndi zimene zinachitika pamsika paja. Mbewu yake ndi yomweyo, kungoti kwa iye mvula sinagwe.

Dziko lathu timalitcha la mtendere, ndipo nzoona kuti Mulungu watisunga ku nkhondo zimene zasautsa anzathu oyandikana nawo. Koma tisadzinamize. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno, mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17, anthu anagwira okalamba anayi nkuwapha powanena kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinayamba cha ku Mulanje ndi ku Phalombe, nkufalikira mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu. Mu 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, anaphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa a anthu achialubino amalemeretsa, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu la milandu litagamula, mwa anthu 12 amene anapezeka olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayo munali wapolisi, wogwira ntchito zachipatala, mtsogoleri wa mpingo, komanso mbale wake weniweni wa malemuyo, amene anamunyengerera kuti amupezera mkazi woti amukwatire. Sindikutchula za mtsogoleri wa mpingoyo kuti tinyoze mpingo wa anzathu. Ndikutchula kuti ife ovala kolala tichite mantha, pakuti chovala cha ubusa sichichotsa Kaini mumtima. Ndipo zonsezi zinachitika m'dziko limene anthu ambiri amadzitcha Akhristu, m'midzi imene belu la tchalitchi limalira Lamulungu lililonse.

Kupha kwa gulu kuli ndi chinyengo chake chapadera, ndipo ndi chimene ndikufuna tichione bwino. Munthu mmodzi akafuula kuti "Wakuba uyo!" palibe amene amafunsa kuti waba chiyani, kwa yani, ndipo wamuona ndani. Wina amamenya khofi limodzi, wina amaponda kamodzi, wina amangobweretsa tayala, wina amangopereka machesi, ndipo madzulo aliyense amapita kwawo nkudya nsima akudziuza kuti iye sanaphe munthu, anthu ndiwo apha. Koma mtembo ulipo, ndipo Mulungu safunsa gulu. Anafunsa Kaini yekha, anatuma Natani kwa Davide yekha, ngakhale kuti Davide sanagwire lupanga pa imfa ya Uriya koma anangolemba kalata. Saulo wa ku Tariso sanalembedwe kuti anaponya mwala pa Stefano. Iye anangosunga zovala za oponya miyalawo, ndipo patapita zaka, atatembenuka kale mtima, ankakumbukirabe zovalazo nazitchula m'pemphero lake monga mlandu wake (Machitidwe 22:20). Ine ndikuona kuti wojambula kanema munthu akuphedwa, ndi woutumiza kwa anzake ataikapo tizithunzi toseka, akusunga zovala monga Saulo. Tikumbukirenso kuti Ambuye wathu amene anaperekedwa ku imfa ndi khamu lofuula, woweruza atanena katatu konse kuti sanapeze chifukwa mwa Iye.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena mumtima powerenga izi, chifukwa mwandiuzapo pamaso. Mukuti, "Abusa, inu simunaberedwepo mbuzi zonse m'khola usiku umodzi. Tikawapereka kupolisi, mawa lake timakumana nawo pamsika atatuluka pa belo, akutiseka." Ululu umenewu ndi weniweni ndipo sindikuupeputsa. Munthu amene wabedwa njinga ya kabaza imene ankadyetsera ana ake waberedwa zambiri kuposa chitsulo. Kuba ndi tchimo, ndipo boma likamalephera kulanga wochimwa, nalonso lidzayankha kwa Mulungu amene analipatsa lupanga (Aroma 13:4). Koma lupangalo analipereka kwa olamulira, osati kwa khamu la pamsika, ndipo mavesi ochepa chabe m'mbuyo mwake, pa Aroma 12:19, tikuuzidwa kuti tisabwezere tokha choipa pakuti kubwezera nkwa Ambuye. Ngakhale m'chilamulo cha Mose, chimene ena amakonda kuchitchula akafuna kulungamitsa ukali wawo, munthu sankaphedwa pa umboni wa munthu mmodzi, ndipo Mulungu analamula kuti pakhale midzi isanu ndi umodzi yothawirako, kuti wopha mnzake mwangozi asafe m'manja mwa wolipsira mlandu wake usanamveke (Numeri 35). Ngati Mulungu anatchinjiriza chotero munthu amene wakhetsa mwazi, nanga bwanji mnyamata amene akungoganiziridwa za foni? Foniyo, kunena zoona, mpaka lero palibe amene waionetsa. Malamulo a dziko lathu nawonso amanena zomwezo: gawo 16 la malamulo aakulu limateteza moyo wa munthu aliyense, ndipo lamulo la za ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonsefe tikukalamba, ndipo aliyense wa ife ali ndi mwana kapena mdzukulu amene tsiku lina adzayenda kudera kumene sakumudziwa.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe ngakhale ndiinene mwachidule. Chiwawa chambiri sichichitikira pamsika koma m'nyumba, chitseko chili chotseka. Bambo amene amamenya mkazi wake, kapena kholo limene limaotcha manja a mwana chifukwa chotapa ndiwo mumphika, ali pa njira yomweyo ya Kaini, ndipo ankhoswe kapena akulu a mpingo amene amangouza mayi wovulala kuti "pirirani, banja ndi kupirira" nkumubweza kumene akukamenyedwanso, adziwe kuti akusunga zovala.

Tsopano kwa inu amene munalipo tsiku lija ndipo mtima ukukutsutsani. Sindinalembe kuti ndikuthamangitseni mu mpingo. Mose anapha Mwejipito namukwirira mumchenga, Davide anaphetsa Uriya, Paulo anavomereza imfa ya Stefano, ndipo onsewa Mulungu anawachitira chifundo nawagwiritsa ntchito. Kalata ya kwa Ahebri 12:24 imati mwazi wa Yesu umalankhula zabwino koposa mwazi wa Abele: wa Abele unafuulira chilango kuchokera m'nthaka, wa Yesu umapempha chikhululukiro, ndipo pamtanda Iye anapempherera anthu omwe ankamupha. Koma chikhululukiro chimenechi sichibwera kwa munthu amene akuyankhabe ngati Kaini kuti sakudziwa ndipo si iye woyang'anira mphwake. Davide anachilandira atanena kuti "Ndachimwira Yehova," ndipo ngakhale anakhululukidwa, zotsatira za tchimo lake anazisenza. Ngati dzanja lanu linakhudza mnyamata uja, kulapa kwanu sikungathere m'chipinda chopemphereramo chokha. Mlandu suola, ndipo pali mayi amene ayenera kumva zoona. Bwerani tikambirane, ndipo ngati pafunika kupita kwa a malamulo, ine ndidzapita nanu.

Bwalo la akulu a mpingo litakumana, tagwirizana zinthu zingapo zimene ndikupempha kuti muzilandire. Kanema uja achotsedwe m'mafoni athu ndi m'magulu onse a mpingo, ndipo oyang'anira magulu amenewa asalolenso zithunzi za anthu akumenyedwa kapena mauthenga otchula munthu kuti ndi mfiti kapena wopopa magazi. Mkulu wa mlaga uliwonse alembe maina a okalamba okhala okha ndi a abale athu achialubino a m'dera lake, kaya ndi a mpingo uno kaya ayi, kuti aziyenderedwa ndi kudziwika kuti ali ndi anthu. Pakagwa maliro odzidzimutsa, akulu a mpingo afike msanga kusiwa, mphekesera zisanayambe kuyenda, chifukwa nthawi zambiri ndi pamaliro pamene dzina la "wapha" limayamba kunong'onedwa. Ndipo wina akagwidwa pamsika, Mkhristu amene ali pafupi aimbe foni kupolisi, aitane amfumu kapena apolisi a m'mudzi, ndipo ngati angathe aitane anzake awiri atatu aime pakati. Ndikudziwa kuti kuima pakati pa khamu lokwiya nkoopsa, ndipo sindikulamula munthu kutaya moyo wake, koma khamu limazizira msanga likamva mawu a munthu amene likumudziwa ndi kumulemekeza akutchula anthu maina awo mmodzimmodzi.

Mwezi wamawa tili ndi Mgonero wa Ambuye. Pa Mateyu 5:23-24 Ambuye anati wobwera ndi mtulo wake kuguwa, akakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, ausiye pomwepo ayambe wakayanjana naye. Chotero masabata awiri a kukonzekera Mgonero tiwagwiritse ntchito imeneyi, ndipo amene akufuna mkhalapakati pa nkhani za minda, za chuma cha masiye kapena za m'banja auze mkulu wa mlaga wake. Loweruka likudzali amayi a Chigwirizano ndi akulu anayi adzandiperekeza kukapepesa kwa mayi wa mnyamata uja, ndipo amene ali ndi ufa, nkhuni kapena kangachepe kalikonse akasiye kwa atumiki pofika Lachisanu madzulo. Ine ndizipezeka ku ofesi ya mpingo Lachitatu lililonse kuyambira 2 koloko masana kwa aliyense wofuna kulankhula nane payekha.

Kalata ino iwerengedwe m'milaga yonse Lamulungu lino.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu