Kalata kwa makolo potseka teremu

Okondedwa makolo ndi nonse osunga ana,

Teremu yatha. Malipoti a ana anu ali pamodzi ndi kalatayi, ndipo tsiku lotsegulira talemba kumapeto kwa lipotilo. Zikomo nonse amene munkabwera kumisonkhano mutaweruka kuntchito, ena kuchokera kutali ngati ku Tembisa ndi ku Soweto.

Ambiri mwandifunsa za gulu la Lachisanu masana, kumene ana amandandalika tizidole ta asilikali patebulo n'kumaponya madayisi. Ena mwada nkhawa kuti mwina ndi juga. Si juga ayi, sipayenda ndalama. Ndi phunziro la mbiri yakale, ndipo ndimalitenga mozama.

Teremu ino anasewera nkhondo ya Azulu ndi Angerezi ya ku Isandlwana ya pa 22 Januwale 1879. Malamulo a masewera omwe tinagula ankaonetsa Azulu ngati chikhamu chongothamangira kumfuti chitanyamula mikondo. Ana atawerenga mabuku anakana. Ankhondo a Mfumu Cetshwayo, pafupifupi 20,000, anali m'magulu adongosolo. Anabisala m'chigwa osaoneka, kenako anazinga msasa mbali zonse ziwiri monga nyanga za njati. Lord Chelmsford, mtsogoleri wa asilikali a Angerezi, anali atachoka m'mawa ndi gawo lalikulu la asilikali, msasawo osautchinga. Mbali ya Angerezi inataya anthu oposa 1,300. Ana anasintha malamulowo: gulu lobisala siliikidwa patebulo mpaka azondi atalipeza, ndipo uthenga wa mtsogoleri umatenga nthawi kuti ufike.

Sindikakamiza kuti masewera azitha monga inathera nkhondo yeniyeni. Tsiku lina Angerezi anapambana patebulopo, ndipo ana anakambirana bwino chifukwa chake. Chimene sindilola n'kuyamba ndi bodza: chiwerengero, zida, malo ndi nzeru za mbali zonse zikhale zoona. Mwana amene wazolowera kuona Mwafirika wopanda nzeru patebulo amayamba kukhulupirira zomwezo za agogo ake.

Teremu ikubwerayi masewerawa atitengera kwathu ku Malawi, ku nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 Seputembala 1914, pamene asilikali a King's African Rifles, a mbali ya Angerezi, analimbana ndi Ajeremani. Pankhondo yoyamba ya dziko lonseyo amuna ambirimbiri a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu, ntchito ya mtengatenga, ndipo ochuluka sanabwerere chifukwa cha njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za kukhetsa mwazi wa anthu athu pankhondoyo. Pa zidole zomwe tili nazo palibe wosenza katundu ngakhale mmodzi, choncho ana awaumba okha ndi dongo, ndipo gulu lopanda atengatenga silidzaloledwa kusuntha.

Ngati kwanu kuli nkhani ya agogo amene anasenza katundu kapena kumenya nkhondo, auzeni ana patchuthichi, ailembe, abwere nayo. Tikukonzanso ulendo wa ku Ditsong National Museum of Military History, nyumba yosungiramo zinthu zakale za nkhondo, ku Saxonwold. Chonde sainani chikalata chachilolezo, mwana abwere nacho tsiku lotsegulira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu