Maphunziro osinthana asamathere m'tauni

Mkonzi,

Maphunziro osinthana ndi maiko akunja ndi abwino, koma momwe akuyendera pano akutisiya m'mbuyo ife akumudzi.

Ndimaphunzitsa pa sekondale yoyendera kuno ku Dedza. Zaka zapitazo tinalandira mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko. Dziko limeneli lakhala likutumiza anthu ongodzipereka ku Malawi kuyambira 1971. Atangofika, ana ankangomuti Mtchaina. Pomwe amachoka n'kuti akulankhula Chichewa, nsima ya therere akudya ndi manja, ndipo mlonda wathu atamwalira anachezera nafe pasiwa mpaka kucha. Ana aja analeka kumuona ngati mlendo, nayenso anasiya kutiona ngati anthu ongofunika thandizo. Tinapita naye ku Chongoni kukaona zojambula zakale za pamiyala, ndipo ana ambiri, ngakhale obadwira konkuno, kanali koyamba kufikako.

Chondiwawa n'chakuti alendo amabwera, ife osapitako. Mwayi ngati wa Chevening, wokaphunzira ku Britain, umafunsiridwa pa intaneti. Mphunzitsi wa ku Mayani, amene bandulo amachita kuyeza, amaumva tsiku lotsekera litadutsa.

Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro ndi maofesi a akazembe kuti mwayi wotere azilengeza pa wailesi m'Chichewa komanso m'ma TDC momwe aphunzitsi timakumanamo. Apatulenso malo angapo a masukulu akumidzi, ndipo wobwerako azikhalako teremu imodzi pa sukulu yakumudzi, kugawana ndi ana zomwe waona.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Linthipe, Dedza