Lipoti la Msonkhano wa Chithandizo cha Anthu Okodwa ndi Mankhwala a Opioid

Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kumsonkhano wa masiku awiri wa madotolo, anamwino, alangizi ndi mabanja amene ali ndi abale okodwa ndi mankhwala a gulu la opioid, oletsa ululu koma ozoloweretsa kwambiri, monga heroin, morphine, codeine, tramadol ndi fentanyl. Funso limene munandipatsira linali lakuti banja likafuna chithandizo kufupi ndi kwawo liyambire pati, ndipo lidziwe bwanji kuti lafika pamalo oyenera.

Ndivomere kuti ndinapita ndi maganizo amene ambirife takhala nawo, akuti munthu akagonekedwa sabata imodzi kapena ziwiri mpaka mankhwala atatha m'thupi ndiye kuti wachira, ndiponso kuti kumupatsa methadone, mankhwala a gulu lomweli amene madotolo amapereka pothandiza okodwa, n'kungosinthanitsa chizolowezi china ndi chinzake. Ndabwerako nditasintha maganizo. Madotolo anafotokoza kuti munthu akasiya kwa masiku angapo thupi lake silipiriranso mlingo umene linazolowera, pomwe chibaba chimakhala chikadalipo, choncho akabwerera n'kubaya mlingo wake wakale kupuma kumatha kuima. N'chifukwa chake imfa zimachuluka m'masabata oyambirira munthu atangotuluka m'ndende kapena kumalo kumene anangomusiyitsa popanda mankhwala opitiriza nawo.

Mankhwala othandizira alipo atatu. Methadone anayamba kugwiritsidwa ntchito motere ku New York m'zaka za m'ma 1960, pa kafukufuku wa Vincent Dole ndi Marie Nyswander. Amamwedwa kamodzi patsiku ndipo amakhalitsa m'thupi, kotero munthu amatha kugwira ntchito ndi kugona bwino popanda kuphwanya m'thupi, thukuta ndi kutsekula m'mimba. Dotolo amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo ambiri amakhazikika pakati pa mamiligalamu 60 ndi 120 patsiku. Namwino wina anationetsa mmene zimakhalira pawindo la chipatala chake: wodwala amalandira kakapu, amamwera pomwepo, kenako namwino amamuyankhulitsa pang'ono kuti atsimikize kuti wamezadi. Buprenorphine amaikidwa kunsi kwa lilime kuti asungunuke, ndipo safooketsa kupuma kwambiri ngati methadone, koma ayenera kuyambidwa munthu atayamba kale kumva kuwawa kwa kusiya, apo ayi amadwalitsa mwadzidzidzi. Naltrexone amatsekereza mphamvu ya opioid, ndipo amafuna kuti munthu akhale masiku 7 mpaka 10 osalawa opioid aliyense asanayambe kuwalandira, chimene ambiri chimawakanika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika methadone ndi buprenorphine pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2005, ndipo kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana waonetsa kuti okhala pa mankhwala awiriwa chiopsezo chawo cha imfa chimatsika pafupifupi ndi theka.

Pankhani yopeza malo, uphungu unali wakuti banja liyambire kwa dotolo kapena namwino wa chipatala chapafupi, mbali ya matenda a maganizo, kapena kuchipatala cha HIV ndi TB, chifukwa ogwira ntchito kumeneko nthawi zambiri amadziwa kumene mankhwalawa akuperekedwa movomerezeka. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko: kwina methadone amapezeka kuzipatala zosankhidwa zokha, kwina dotolo wamba amaloledwa kulembera buprenorphine. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya mtunda. Ife timakonda kufunsa kuti malo abwino koposa ndi ati, koma munthu woyenera kuonekera pawindo m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, kwa miyezi kapena zaka, amafunika malo amene angathe kufikako ngakhale tsiku limene alibe ndalama yoyendera. Mayi wina anasimba kuti mwana wake analekeza kulandira mankhwala othandizirawa atachita bwino kwa miyezi ingapo, popeza ola lotsegulira chipatala linkawombana ndi ola loyambira ntchito, ndipo panalibe amene anaganiza zofunsa zimenezi poyamba.

Choncho pofika pamalo tifunse kuti amapereka mankhwala ati mwa atatuwa, munthu amadikira nthawi yaitali bwanji asanayambe, amatsegula maola ati, ndiponso ngati wodwala wokhazikika amaloledwa kutenga mlingo wa masiku angapo kupita nawo kunyumba. Funso limene ine ndikuliona kuti limaulula mtima wa malowo ndi lakuti amatani munthu akaterereka n'kubwerera ku heroin. Malo amene amathamangitsa wodwala pachifukwa chimenechi amamubweza kuimfa imene anathawa, ndipo sindingalimbikitse banja lililonse kupitako. Wodwala auzenso dotolo za mankhwala ena onse amene akumwa, chifukwa rifampicin wa TB ndi efavirenz wa HIV amachepetsa mphamvu ya methadone, pomwe mowa ndi mankhwala ogonetsa a diazepam akaphatikizana ndi methadone amatha kuimitsa kupuma. Mayi woyembekezera asasiye opioid mwadzidzidzi payekha, koma apite kuchipatala akayambitsidwe methadone kapena buprenorphine.

Zokambirana za ndondomeko za maboma zinatenga nthawi yaitali koma sindinatolepo zambiri zotithandiza. Gawo lomaliza ndilo linali laphindu, pamene tinaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wakomoka chifukwa cha kuchuluka kwa opioid m'thupi, opopera m'mphuno kapena a jakisoni. Munthu akapanda kudzuka pomugwedeza, akupuma mwapatalipatali kapena kuliza mkonono wachilendo, timwana ta m'maso titachepa ngati nsonga ya singano, apatsidwe naloxone, agonekedwe chammbali ndipo thandizo la chipatala liitanidwe msanga, popeza mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90 ndipo munthu angathe kukomokanso.

Ndikupempha kuti pamkumano ukubwerawu tisankhe mamembala awiri oti ayendere zipatala zimene mabanja athu angathe kufikako, atanyamula mafunso ali pamwambawa, ndiponso kuti mlembi alembere namwino mmodzi kalata yomupempha kudzatiphunzitsa tonse za naloxone.

Ine nthumwi yanu.