Kukhwefula thalauza kunachokera kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa mchitidwe wa anyamata wokhwefula thalauza, womwe ambiri amati unayambira m'ndende za ku America, komwe akaidi ankaletsedwa kuvala lamba poopa kuti angadzimangirire kapena kuvulaza anzawo. Oimba nyimbo za hip-hop ndiwo anaufalitsa m'zaka za m'ma 1990, ndipo makanema awo anaufikitsa kuno kwathu.

M'kuona kwanga, chimene chimakopa achinyamata n'chakuti akuluakulu amanyansidwa nawo mchitidwewu. Mnyamata amalolera kuyenda motang'adza, dzanja limodzi litagwira thalauza pokwera minibasi, bola anzake amutame kuti ndi wotsogola. Tauni ya Delcambre ku Louisiana, m'dziko la America, inakhazikitsa chindapusa kwa okhwefula mu 2007, komabe fashoniyi inapitirira m'dzikomo.

Ndine wowerenga wanu,
Zomba