Za Chingerezi cha m'nkhani yako

Mwana wanga wokondedwa,

Nkhani yako yopeka ija ndaiwerenga mpaka kumapeto, ndipo luso lofotokoza nkhani uli nalo. Chimene ndikufuna usamale nacho ndi galamala ya Chingerezi, chifukwa wowerenga akasokonezeka kawiri katatu amangotseka buku.

Yambira pa aneni. Nkhani zambiri za m'Chingerezi zimafotokozedwa ngati zinachitika kale: she walked, he waited. Ukayamba choncho, pitiriza choncho, osati ndime ino walked, ndime yotsatira walks. Povuta penipeni ndi pamene mpangankhani akukumbukira zimene zinachitika nkhaniyo isanafike pomwe ili. Apo ndiye pofunika had, monga she had walked, kuti wowerenga adziwe kuti tabwerera m'mbuyo. Komatu usamwaze had paliponse, amatopetsa. Muike m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyambirira, kenako pitiriza ndi walked wamba. Pochoka m'zokumbukirazo umuuze wowerenga momveka kuti tabwereranso.

Ife timati iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake he ndi she amatipulumuka mosavuta. Uziwayang'ana mmodzimmodzi. Ndipo ngati m'chipinda muli amuna awiri, iwe n'kulemba he katatu, ndani wakankha mnzake? Tchula dzina. Kubwereza dzina si mlandu.

Munthu wina akayamba kulankhula, yamba ndime yatsopano. Mabuku ambiri a ku Britain amatsekera zolankhula ndi mtengero umodzi mbali iliyonse, a ku America iwiri. Sankha njira imodzi buku lonse. Said usachite naye manyazi, maso a wowerenga amangomudutsa. Exclaimed ndi retorted akachuluka amaphimba zimene munthuyo wanena.

Koma chimene chili pamtima panga ndi ichi. Wofotokoza nkhani Chingerezi chake chikhale cholongosoka, koma anthu a m'nkhanimo uwalole alankhule ngati anthu. Munthu wokwiya samaliza chiganizo. Mwana sanena do not, amati don't. Ako aja onse akulankhula ngati akuwerenga kalata ya ku ofesi, mpaka sindinathe kusiyanitsa agogo ndi mdzukulu. Ukaphwanya lamulo m'kamwa mwa mpangankhani, uliphwanye mwadala, ukudziwa chifukwa chake, ndipo munthuyo azilankhula choncho paliponse pamene waonekera.

Werenga zolankhula zawozo mokweza uli wekha, pamene lilime lakana ukonze. Ukamaliza unditumizire mutu wachiwiri, ndikuudikira.

Ndine,
Mayi ako