Chilengezo: Malo Ogona ndi Mayendedwe pa Ulendo wa ku Chikondwerero

Mamembala nonse,

Amene mukupita nawo mumzinda pa nyengo ya chikondwerero, chonde lembetsani mayina anu kwa alembi sabata ino isanathe. Tikufuna kusungitsa zipinda nthawi ikadalipo, chifukwa masiku amenewa malo ogona amadzaza msanga ndipo mitengo imangokwera. Mahotela ena salola n'komwe kugona usiku umodzi wokha.

Komiti yaona kuti ndi bwino tikagone kunja pang'ono kwa mzinda, koma pafupi ndi siteji ya basi. Pakatikati ndi podula, komanso phokoso silitha mpaka mbandakucha. Amene mukudzipezera nokha malo pa intaneti, musatumize ndalama musanatsimikize kuti nyumbayo ilikodi, paja akamberembere amachuluka nyengo ngati ino. Funsaninso ngati amabweza ndalama munthu akalephera kubwera.

Galimoto zanu, ife tikuti zisiyeni. Misewu ina imatsekedwa, ndipo poimika pamasowa. Tidzayenda limodzi pa basi, ndipo nthawi ya basi yomaliza usiku tidzakuuzani matikiti akagulidwa. Amene mukubwera ndi ana kapena mumavutika kukwera masitepe, nenani polembetsa kuti tikupezereni chipinda chapansi.

Zikomo,
Komiti